Ng'ombe ya Mwendo Woyera

Amayi, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ine ndadzuka, ndipo Kefasi nayenso wadzuka. Ndayamba ndi dzina lake chifukwa mukudziwa kuti sindingakhale pansi kuyankhula nanu osamutchula. Ndikunena Kefasi yemwe uja, mwana wa achimwene anu, msuweni wanga, amene munamusungitsa ng'ombe yanu yakuda ya mwendo woyera. Akadali moyo. Mudabwa kumva kuti ine mwana wanu Samisoni, amene ndatha zaka zonsezi osaponda pakhomo pake, ndikuthokoza Mulungu kuti munthu ameneyu akupumabe. Musafulumire kusangalala, sitinagwirizane ayi. Kungoti ali ndi mawu ena m'kamwa mwake amene ndi anga, ndipo akafa nawo, ine ndidzafa ndikutchedwa wabodza. Ndikufotokozerani zonse, koma ndiyambe ndi za kumudzi, poti inu munkadana ndi munthu wofika ndi mlandu asanapereke moni.

Malita, chitsiriza changa chija munachisiya chikukwawa, wapatsidwanso mphatso, mwana wamkazi. Tamutcha Elube, dzina lanu. Akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira inu posankha nyemba, ndiye ine ndimangoseka, amake n'kumati agogo akuseka mwana akulira. Alongo ake a Malita ali ku Joni, amatikumbuka pa Khirisimasi. Ine ndikukhalabe kwawo kwa malemu Esinati, mpongozi wanu. Abale ake sanandithamangitse iye atapita, anati ndilere ana pomwepo, ndipo lero ana omwewo ndiwo akundilera.

Chimanga chaka chino chachita mwa apo ndi apo, feteleza wake anakwera moti tinangothira konunkhiza. Mbatatesi ndiyo yatitola. Kudimba kwa Malita yatuluka yaikuluikulu, yosalala, ya maso ochepa. Mtengo wa mapichesi munabzala kuseri kwa nyumba yanu uja ukuberekabe, ngakhale wapindika msana ngati ine. Ndinadutsako mwezi watha, ndinapeza ana a anthu akuugenda, ndipo sindinawakalipire. Ndinakumbuka kuti inu munkati mtengo wosagendedwa ndi wosabereka.

Msika wa Lizulu simungauzindikire. Munatisiya zipani zitangoyamba kuchuluka, msika uli wa mitengo ndi udzu. Lero malole amaima mondondozana, a ku Blantyre, a ku Lilongwe, ena ochokera tsidya la msewu ku Mozambiki. Ndalama zikuyenda pafoni, amayi. Munthu amagula matumba a mbatatesi osatulutsa kanthu m'thumba, amangodina, winayo foni n'kulira, basi malonda atha. Ine ntchito yanga ndi yomwe ija, kusoka matumba. Akadzaza thumba mpaka kusefukira, ine ndimalukira chingwe pamwamba pake kuti mbatatesi isatayike panjira. Zala zikugwirabe.

Tsopano za ng'ombe. Ndikudziwa kuti chiyambi chake mukuchidziwa kuposa ine, koma mapeto ake simunawaone, ndipo sindinakuuzenipo mwatsatanetsatane chifukwa cha manyazi.

Munkakonda kunena kuti alendo awiri sapanga odi, matenda ndi maliro, ndiye munthu azikhala ndi chowalandirira. Ndi mawu amenewo munagula ng'ombe ija isanabereke, mutasenza nyemba ndi mbatatesi pamutu nyengo zambirimbiri. Munandiitana n'kundigwiritsa chingwe chake, n'kunena kuti, "Samisoni, iyi si yolimira, si ya ukwati, si ya Khirisimasi. Iyi ndi ya tsiku loipa." Ine ndinali mkamwini, ndipo mkamwini samanga khola pamudzi pa eni ake. Ndiye munaipititsa kwa Kefasi, amene khola lake linali lolimba, monga mwa mwambo wathu: wosunga adye mkaka ndi kutenga ndowe za kumunda, koma ng'ombe ndi ana ake ndi za mwini. Ikafa, wosunga abweretse chikopa chathunthu, mwini aone ndi maso ake.

Titangometa maliro anu, Kefasi anatulukira ndi njinga, chikopa atachimanga pakaliyala. Anachiyala pabwalo n'kugwetsa nkhope.

"Asuweni, tsoka silinunkha. Ng'ombe ya azakhali yatsatira mwini wake."

Chikopacho chinalidi chakuda. Koma miyendo yonse inali yodulidwa m'mawondo.

Ndinafunsa kuti, "Nanga miyendo ili kuti?"

"Agalu," anatero.

Agalu ake odya miyendo inayi mofanana, molunga bwino ngati anali ndi mpeni! Ndinayang'ana akuluakulu a pamtundu amene anali pomwepo. Iwo anati chikopa chaoneka, mwambo wakwana, tisakumbe maliro a dzulo chifukwa cha nyama. Ine sukulu ndinalekeza panjira, pakamwa panga si pa milandu. Ndinangonyamula chikopa cha ng'ombe ya eni kupita nacho kunyumba. Koma chaka chotsatira m'khola mwa Kefasi munabadwa mwana wa ng'ombe wa mwendo woyera. Chaka chinacho winanso. Anthu ankaona, koma ankayang'ana kumbali.

Tsiku loipa munkanena lija linabwera m'chaka cha njala yaikulu. Esinati anatupa m'mimba. Kuchipatala chaulere anatilembera tsiku lakutali, poti odwala anali ochuluka kuposa madokotala. Kuchipatala cha mishoni anati akhoza kumuchita opaleshoni msanga, koma ndi kolipira. M'nyumba munalibe ngakhale nkhuku. Ndinavula ulemu wanga wonse, ndinagwira Malita padzanja poti panalibe womusiyira, n'kupita kukaima pakhomo pa Kefasi. Sindinatchule za chikopa. Ndinangopempha kang'ombe kamodzi, kakang'ono komwe.

"Ng'ombe yakufa sibereka, asuweni," anandiyankha choncho.

Akuyankhula, kumbuyo kwake ng'ombe ya mwendo woyera inali kudzikanda pamtengo wa khola.

Esinati anapita tsiku lija lisanafike. Sindikunena kuti akanachira, amayi, dokotala sanalonjeze zimenezo. Koma sindinapatsidwe mpata woyesa. Kuyambira pamenepo nkhani ya ng'ombeyi ndaifotokoza pamaliro, pamsika, m'minibasi, mpaka anthu anatopa nane. Akuluakulu amene anaona chikopa chija onse anatha. Achinyamata a lero amangodziwa kuti pali mdala wina wosoka matumba wotchedwa a Kamwendo, amene amanamizira msuweni wake chifukwa cha nsanje. Ena amafika ponena kuti inu simunakhalepo ndi ng'ombe. Amenewo ndiwo amandipweteka kwambiri.

Munthu wodzilemba yekha ntchito ali ngati nyumba ya mzati umodzi. Mphunzitsi akadwala, malipiro amabwerabe. Ine bwana wanga ndi dzanja langali, likatupa ndiye kuti kampani yatsekedwa. Ukalamba utayamba kundigwira m'mawondo, mantha anga sanali a imfa ayi. Anali a Malita. Ndinaona mnzanga wina wonyamula katundu atadwala nthawi yaitali, ana ake anagulitsa mbuzi, kenako njinga, kenako dimba, ndipo atamwalira anachita kuyenda ndi mbale pamsika kuti bokosi lipezeke. Ndinkati ndikayang'ana dimba la Malita, ndinkaona ngati ndine njenjete imene idzalidye.

Ndiye tsiku lina ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi n'kukwera minibasi kupita pa boma, kumene ndinamva kuti kuli ofesi ya inshuwalansi. Mawu amenewa simunawamvepo, amayi. Ndi kupereka kangachepe nthawi ndi nthawi kwa anthu ena, kuti tsiku loipa likafika iwo akulipirire chipatala kapena maliro. Ndinapeza mtsikana waulemu ndithu, anandipatsa mpando.

"Mumagwira ntchito kuti, agogo?"

"Ku Lizulu, pansi pa bulugama, pafupi ndi pokwezera malole."

Anamwetulira, n'kufunsa pepala la malipiro a pamwezi. Ndinamuonetsa zikhatho. Anafunsa za ku banki. Ndinati banki yanga ndi sokosi. Atamva zaka zanga anapumira m'mwamba, n'kunditchulira mtengo wa munthu mmodzi wobwera yekha, wokalamba, wopanda bwana. Mtengo wake unali woti ndizisoka matumba osadya. Ndinabwerako ndi kalendala yokha, ili pakhoma mpaka lero.

Zinthu zinatembenuka chifukwa cha Mai Nangozo, mayi wina wogulitsa kabichi, wa mawu ngati belu la pasukulu. Iye anasonkhanitsa anthu a pamsika, ogulitsa, onyamula, a kabaza ndi ife osoka, n'kunena kuti munthu mmodzi akapita yekha amamuyeza ngati mbatatesi imodzi, koma tikapita ngati thumba, mtengo umatsika. Anayenda ndi anzake mpaka anagwirizana ndi chipatala cha mishoni kuti a m'gulu azithandizidwa poonetsa khadi, ndi mano omwe. Anapezanso kampani ina yovomera za maliro pagulu, okalamba n'kulowera pa dzina la ana awo. Zopereka zake anazikonza mwa nzeru za pamsika: nthawi ya mbatatesi yambiri tizipereka mowonjezera, kuti miyezi ya dzinja, pamene malole amachepa, tisavutike.

Atandipeza pansi pa bulugama wanga ndinakana asanamalize.

"Mayi, ine ndinasungitsapo ng'ombe m'khola la munthu. Sindibwerezanso."

"A Samisoni, ng'ombe yanuyo ndinaimva ndili mtsikana, pano ndili ndi zidzukulu. Ikadalirabe?"

"Ikadaberekabe, mayi."

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno, n'kuchoka akuti ndine mwala wa pamtsinje, madzi amangondidutsa.

Amene anandigonjetsa ndi Malita. Tinali kudimba, tikukumba mbatatesi. Anaimika khasu n'kunena osandiyang'ana:

"Bambo, tsiku lija kwa a Kefasi ine ndinalipo. Munandifinya dzanja mpaka linachita dzanzi. Ine sindikufuna kudzaima pakhomo pa munthu mmene munaimira inu."

Ndinkayesa kuti anali wamng'ono, sanaone kanthu. Ndinamuuza kuti achite zimene akuona, ndipo anandilembetsa pa dzina lake. Koma mtima wanga sunalowe nawo m'gulumo. Ndinkapereka gawo langa ngati munthu woponya chimanga m'chitsime.

Pa za maliro anatiuza kuti pali miyezi yoyembekezera, munthu akafa isanathe salandira kanthu. Mai Nangozo anachita kundilozera chala pamsonkhano: "A Samisoni, inu makamaka, musafe msanga. Mudikire kaye." Anthu anafa ndi phwete. Ine ndinayenda mosamala miyezi imeneyo, amayi, podumpha msewu ndinkayang'ana kawirikawiri ngati nkhuku. Miyeziyo inatha. Pano ndine womasuka kufa tsiku lililonse.

Mayi wina wogulitsa tomato, wa m'gulu lomweli, atamwalira, ndinapita kumaliro. Kulira ndinaliradi, poti tinkadziwana, koma ndisakunamizeni, ndinapitanso kukaona ngati chikopa chibwere ndi miyendo yake. Ndinakhala poti ndione msewu. Adzukulu asanamalize kukumba, galimoto inafika ndi bokosi, la matabwa enieni, lokhala ndi zogwirira. Palibe amene anayenda ndi mbale. Mwana wa malemuyo foni yake inalira, ndalama za ufa ndi ndiwo za anthu obwera pamaliro zinalowa. Ndinabwerera kunyumba ndikuyankhula ndekha panjira.

Kenako inafika nthawi yanga. Mukukumbuka mmene munkandimenyera pakamwa ndikamadula ulusi ndi mano? Sindinasiye. Pamsika mpeni umasowa, wina wabwereka, wina waponda, koma mano sasowa. Zaka zonsezi chingwe cha matumba ndakhala ndikudula ndi mano, mpaka chinakumba kanjira. M'nyengo yozizira yapitayi dzino la kumbuyo linandiukira. Tsaya linatupa ngati ndabisa mbatatesi m'kamwa. Mphepo ya ku Lizulu ikalowa, ndinkamva ngati wina akukhoma msomali m'khutu. Singano ndinaiyika pansi. Kale ndikanapita kwa mkulu wina wa kuseri kwa msika amene amazula ndi chopanira cha njinga, kapena kuthira mchere n'kumangopirira. Malita anangoti, "Valani jekete, tengani khadi."

Pawindo la chipatala ndinapereka khadi lija. Ndinkadikira kuti andiuze kuti khadi linafa, agalu anadya. Mayi wa pawindopo analiyang'ana, anayang'ana pakompyuta, n'kuti, "Khalani pabenchi apo, bambo, akuitanani." Basi. Dokotala wa mano anandibaya jakisoni m'nkhama, anazula lovundalo ine osamva kanthu, ena awiri anawamata. Anandiyezanso magazi n'kupeza kuti akuthamanga kwambiri, anandipatsa mapiritsi oti ndizimwa m'mawa uliwonse. Mano oikirira akuti khadi silifikako, koma ndiwatani ine, ndikufunsira ndani? Potuluka palibe anandiitana kuti bwererani mudzalipire. Ndinayenda pang'onopang'ono dala kuti ngati alakwitsa andipeze pafupi. Palibe anabwera. Amayi, ndinamva thupi kupepuka ngati ndatula thumba limene ndinalisenza tsiku limene tinaika Esinati.

Ndikukhota pakhonde, ndinamuona. Kefasi, atakhala pabenchi, atapinda msana, manja ali pachinena, nkhope itachita phulusa. Wakalamba, amayi, khosi latsala ngati la nkhuku yosolola. Ndipo m'dzanja mwake munali khadi lofanana ndi langa.

Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza mawu oti ndidzamuuze tikadzakumana maso ndi maso. Ndawasula, ndawanola, ndawayeserera posoka matumba. Tsiku lake n'kukhala limeneli, m'kamwa muli thonje, mlomo uli lende ndi jakisoni, malovu akutuluka okha.

Anandiyang'ana n'kuyesa kumwetulira.

"Asuweni, akuchotsani dzino loti mundilume nalo?"

Ndinayankha, koma chimene chinatuluka ngakhale ine sindinachimve. Malita anandikoka dzanja.

M'mawa mwake ndinalawirira kwa Mai Nangozo, ndinamupeza akuwaza madzi pa kabichi. Anandiuza kuti mwana wamkazi wa Kefasi amagulitsa anyezi kumunsi kwa msika, ndipo analowetsa bambo ake monga mmene Malita analowetsera ine. Magazi anandithamanga kuposa mmene dokotala anayezera.

"Ndiye kuti matumba amene ndikusoka inewa akuchiza Kefasi?"

"Eya."

"Ndifafanizeni lero lomwe."

"Ndikufafanizani, musadandaule. Koma muyambe mwabweza dzino."

"Dzino lanji?"

"Lanulo. Mukuyesa analizula ndi chiyani? Ndi anyezi a mwana wa a Kefasi amenewo. Khola ndi limodzi, a Samisoni. Simungasankhe kuti ndowe yanu igwere mbali iti."

Ndinabwerera pansi pa bulugama wanga. Ndinasoka thumba limodzi, lachiwiri. Pakati pa lachitatu ndinayamba kuseka ndekha, mpaka wogula anafunsa ngati ndili bwino. Taganizani, amayi. Kuchokera tsiku la chikopa lija, palibe kanthu kanachokapo kunyumba kwa Kefasi kubwera kwa ine, ngakhale kapu ya mkaka. Lero, iye osadziwa, ine osapempha, ng'ombe yanu yayamba kubwerera. Yayambira ku dzino. Sindinadzifafanizitse.

Patapita masiku ndinamva kuti Kefasi amugoneka. Mkodzo unatsekeka, matenda a ife amuna okalamba, ndipo anafooka kwambiri moti ana ake anayamba kuitana abale. Ndinkayesa kuti uthenga wotere ndidzaulandira ndi mtima wozizira. Koma chakudya chinakana kutsika. Musaganize kuti chinali chikondi. Ndinangozindikira kuti padziko pano tatsala awiri amene tikudziwa kuti chikopa chija chinalibe miyendo. Iye akapita, choonadi chipita naye m'dzenje, ndipo Elube wamng'onoyu adzakula akumva kuti agogo ake anali a Kamwendo, mdala wabodza, ndi kuti mayi amene anamusiyira dzina sanasiyire mwana wake kanthu. Lamulungu limenelo kutchalitchi ndinapempherera Kefasi. Ndinachita kutchula dzina lake. Mulungu ayenera kuti anatembenuka kuti aone amene akuyankhula.

Opaleshoni anamuchita msanga, osadikira kuti agulitse kanthu, poti khadi linalipo. Pamenepo mtima unandiwawa pang'ono, pokumbuka Esinati, amene anasowa chomwechi. Koma munthuyo anadzuka. Nditamva kuti wayamba kumwa phala, ndinagula nthochi n'kupita nthawi yoona odwala masana. Mwana wake atandiona anaimirira n'kutuluka panja, kuopa kuti kugwa mlandu.

"Mwabwera kudzaona ngati ndafa?" anatero Kefasi.

"Ndabwera kudzaona ngati matumba anga agwira ntchito."

Anaseka, n'kugwira pabala, n'kunditukwana kuti ndimung'ambitsa ulusi. Ndinamuuza kuti ukang'ambika ndimusoka ndine, singano ndili nayo m'thumba. Anasenda nthochi imodzi, anailuma, n'kuyang'ana kukhoma. Kenako anayankhula motsitsa, ngati akuuza khomalo:

"Inali yaukali pokama, ng'ombe ija. Mpaka kukalamba kwake inkaponda ndowa."

Kukalamba kwake, amayi! Ng'ombe imene inafa sabata ya maliro anu, isanaone n'komwe mwana wachiwiri, inakalamba liti? Ndinakhala pamphepete pa bedi. Sanatembenuke. Ndikuganiza kuti anadziwa chimene wanena. Munthu akasuzumira m'dzenje n'kubwerako, katundu wina amayamba kumulemera.

Ndinamuuza kuti, "Kefasi, ng'ombe sindikuifuna. Khola ndilibe, ndipo zako zomwe ndamva kuti zina anaba, zina unagulitsa. Esinati sungamubweze. Koma mawu wanenawa si a khoma. Tsiku lolambula kumanda likafika, ubwere. Ana ako akhalepo, Malita akhalepo, ndi aliyense wogwira khasu tsiku limenelo. Uime pamanda pa azakhali ako unene kuti, ng'ombe yanu sinafe, Samisoni sananame. Basi. Ukatero ndidzakugwira chanza."

Anatafuna nthochi ija nthawi yaitali ngati ndi nyama.

"Ndichire kaye," anatero.

"Chira. Mapiritsi uzimwa. Ndikulipira ndine."

Sanavomere, amayi, koma sanakanenso, ndipo Kefasi amene ndimamudziwa ine akafuna kukana sachedwa. Pano anatuluka, akuyenda ndi ndodo. Mwana wake akandiona pamsika amandipatsa moni wogwada, dzana anandiikira anyezi m'thumba la jekete osanena kanthu.

Ndiye muone mmene zinthu zilili. Tsaya linaphwa. Malita anandimangirira kampeni pachingwe m'khosi ngati mwana wa ubatizo, kuti ndisiye kuluma matumba. Mapiritsi ndikumwa. Ndikadwala, pali kopita. Ndikafa, bokosi lilipo, ndipo galimoto idzanditenga kuno kuchikamwini kudzandigoneka pafupi ndi inu, osati pangolo. Malita adzalandira kangachepe kopukutira misozi, dimba lake lidzakhala lake. Alendo anu awiri aja akabwera osapanga odi, apeza pokhala. Zimene munkafuna pogula ng'ombe ija zachitika, kungoti zadzera njira yaitali, ndipo khola lake ndi la anthu ambiri, amene akuona onse. Masiku ano ndikagona ndimagonadi.

Chatsala ndi chimodzi chomwecho. Ndikukulonjezani kuti sindiphonya kupereka gawo langa, ngakhale miyezi ya dzinja, chifukwa m'khola lomwelo ndimo muli mapiritsi a Kefasi, ndipo ndikumufuna wamoyo, wa mawu omveka. Mvula isanagwe tibwera kudzalambula. Akakanika kuyenda ndidzamukweza pa kabaza, ndalama yake ndidzalipira ine. Inu mudzatchere khutu, poti mukudziwa kuti mwana wa achimwene anu akachita manyazi amayankhulira m'mphuno. Akanena motsitsa ndidzamuuza abwereze.

Mundiperekere moni kwa Esinati, mumuuze kuti mdzukulu wake watenga zala zake. Malo anga pambali panu musunge, koma musandiyembekezere msanga. Sindibwera kumeneko ndisanamve Kefasi akunena pamanda panu, anthu akumva, kuti ng'ombe ya mwendo woyera sinafe.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka lero,
Samisoni